OPHUNZIRA KUKOLEZA MOTO WA DZUWA

M'cigawo ca New Jersey, m'dziko la America, muli mudzi wochedwa Princeton, umene dzina lace linamveka pa dziko lonse cifukwa ca yunivesite yace yakale. Koma mlendo wofuna kuona ophunzira amene tisimba za iwo lero sadzawapeza m'nyumba zamiyala zija zooneka pa zithunzi. Ayenera kutuluka m'mudzimo mamailosi atatu, kufikira pa malo ochedwa Forrestal, pamene pali cipata ndi alonda ofunsa citupa. M'kati mwace muli nyumba zazikulu zonga fakitale, ndipo dzina la malowo ndi Princeton Plasma Physics Laboratory. Ndalama zoyendetsera nchito zicokera ku Boma la America, ku unduna wace woona za mphamvu, koma woyang'anira ndiye yunivesite. M'menemo caka ndi caka mulowa anyamata ndi asungwana owerengeka amene anatsiriza kale digiri yao yoyamba, ndipo akhalamo zaka zisanu kapena zisanu ndi cimodzi pofuna digiri ya udokotala. Cimene aphunzira ndico kukoleza pansi pano moto wonga wa dzuwa, kuti tsiku lina anthu adzapangire magetsi.

Nchitoyi inayamba mu 1951, ndipo kufikira lero palibe mudzi ngakhale umodzi pa dziko lapansi woyatsa nyale ndi magetsi otere. Tsono funso loyenera ndi ili: kodi munthu wanzeru, amene akadapeza nchito yabwino kwina kuli konse, aperekeranji unyamata wace ku cinthu cimene cinakanika aphunzitsi ace, ndi amene anaphunzitsa aphunzitsiwo? Ndipo olipira zonsezi adzapirira kufikira liti?

MOTO WOPANDA MBIYA

Tiyambe tafotokoza cinthuco. Pali njira ziwiri zotulutsira mphamvu m'maatomu. Yoyamba ndiyo kuswa atomu yolemera, monga ya yureniyamu, mwala uja wa ku Kayelekera ku Karonga. Njira imeneyi ikupanga magetsi m'maiko ambiri kuyambira zaka za m'ma 1950. Yaciwiri ndiyo kuphatikiza maatomu awiri opepuka kuti akhale imodzi, ndipo akatswiri amaicha fusion. Ndiyo imene iyatsa dzuwa ndi nyenyezi. Pakati pa dzuwa pali kutentha kwa madigiri 15 miliyoni, ndipo kulemera kwa dzuwalo kupanikiza maatomu a haidrojeni kufikira atalumikizana. Ife pansi pano tiribe kulemera kotere kopanikizira, cifukwa cace tiyenera kuonjeza kutentha: pafunika madigiri oposa 100 miliyoni.

Mpweya ukatentha cotere usanduka cinthu cina cimene amacicha plasma. Tizigawo ta atomu timalekana, ndipo mpweyawo uyamba kunyamula magetsi ndi kumvera maginito. Apa ndi pamene pagona nzeru yonse. Palibe mbiya, ya citsulo kapena ya dothi, yosungiramo moto wotere. Ndipo bvuto lalikulu sikusungunuka kwa mbiyayo iai, koma kuti plasma ikangokhudza khoma izizira ndi kuzima pomwepo. Tsono amaimangirira m'malere ndi mphamvu ya maginito, m'cipinda cooneka ngati nkhata yosenzera mtsuko, kuti izingothamanga mozungulira osakhudza kanthu. Koma plasma njosamvera. Ipindika, igwedezeka, ipeza pothawira ngati madzi otungira m'dengu, ndipo maphunziro onse a pa sukuluyi angathe kuchedwa kufunafuna njira zoikakamizira kuti ikhale pamalo amodzi.

Nkhuni za motowu ndi mitundu iwiri ya haidrojeni. Deuterium ipezeka m'madzi wamba, atomu imodzi mwa maatomu a haidrojeni pafupifupi 6,400, kotero kuti siidzatha. Tritium ndiyo yosowa, pakuti theka lace liwonongeka lokha pa zaka 12 ziri zonse, ndipo akatswiri ayembekeza kuti azidzaipanga kucokera ku lithium, monga uja akumba ku Bikita m'dziko la Zimbabwe.

MBIRI YABODZA YA KU ARGENTINA

Sukulu ya ku Princeton inabadwa mwa njira yoseketsa. Mu March 1951 Pulezidenti Juan Perón wa ku Argentina analengeza kuti katswiri wace, Ronald Richter, wakoleza moto wa fusion pa cisumbu ca Huemul. Nkhaniyo inali yopanda pace, ndipo pambuyo pace kunadziwika kuti panalibe cimene cinacitika. Koma inafika m'makutu a Dr. Lyman Spitzer, mphunzitsi wa za nyenyezi pa Princeton, pamene anali kupita ku chuthi ku mapiri a Aspen. Iye sanaikhulupirire, komabe funso linamkhala m'mutu: nanga munthu atafunadi kucita zimenezi angayambe bwanji? Atabwerako analembera Boma za makina amene anawacha stellarator, ndipo Boma linapereka ndalama. Makina oyamba anamangidwa m'khola lakale la akalulu, ndipo nchito yonse inabisika pansi pa dzina lakuti Project Matterhorn.

Zaka zisanu ndi ziwiri zoyamba zinali zacinsinsi, pakuti maboma a America, Britain ndi Russia anaganiza kuti nzeruzi zikhudza zida za nkhondo. Cinsinsi ndi sukulu siziyendera pamodzi, popeza digiri ya udokotala ifuna kuti buku la wophunzira liikidwe poyera, kuti ali yense wofuna kulitsutsa alitsutse. Mu September 1958, pa msonkhano wa United Nations ku Geneva, maiko atatuwo anaulula zimene anali kucita, ndipo anapeza kuti onse anakodwa mu msampha umodzimodzi: plasma inali kuthawa msanga kuposa m'mene masamu ao ananenera. Pamenepo kunaoneka kuti nchitoyi siidzatha ndi mbadwo umodzi, ndipo kuti pafunika kulera odzalowa m'malo. Mu 1959 Dr. Thomas Stix anayambitsa maphunziro a udokotala a za plasma pa Princeton. Mu 1961 malowo analandira dzina limene ali nalo lero. Ndipo mu 1962 Dr. Stix anasindikiza buku lace la mafunde a m'plasma, limene analikonzanso mu 1992, ndipo ophunzira akali kutuluka nalo thukuta.

MOYO WA WOPHUNZIRA

Wolandiridwa pa sukuluyi salipira fizi. M'malo mwace alandira kandalama ka mwezi ndi mwezi kokwanira nyumba ndi cakudya, kocepa ndithu poyerekeza ndi malipiro a anzace amene analowa nchito atangotsiriza digiri yoyamba. Zaka ziwiri zoyamba ziri ndi makalasi a masamu ndi fizikisi, koma mwambo wa pamalopo ngwakuti pambali pa makalasiwo wophunzira agwire nchito yoyesa ndi zipangizo caka coyamba, ndi nchito ya masamu okhaokha caka caciwiri, kuti asadzanyoze mbali imene sanailawe.

Tiganiza kuti mwambowu ngwanzeru. Mnyamata amene anali woyamba m'kalasi moyo wace wonse apatsidwa sipanala, nauzidwa kuti amange mabauti a cipinda ca citsulo cimene ayenera kucotsamo mpweya wonse. Pakakhala kabowo kosaoneka ndi maso, ayenda ndi kapaipi kopemerera mpweya wa helium pa mfundo iri yonse, kudikira kuti cipangizo cisonyeze pamene pakulowa. Ndipo nthawi zina sabata yathunthu ithera pamenepo. Cala cokhudza m'kati mwa cipindaco popanda magolovesi cisiya mafuta okwanira kudetsa plasma. Masamu a m'buku sachula zimenezi.

Pakutha pa caka caciwiri pabwera mayeso akulu, olemba ndi apakamwa. Pa mayeso apakamwa wophunzira aimirira yekha pa bolodi pamaso pa aphunzitsi angapo, ndipo iwo amfunsa kufikira atapeza pamene nzeru zace zalekezera. Wopambana asankha mphunzitsi mmodzi womtsogolera, ndi funso limodzi limene palibe munthu analiyankhapo, ndipo zaka zitatu kapena zinai zotsala zithera pa funso limenelo. Kusankha mphunzitsiyu nkofanana ndi kusankha mudzi wokacitako cikamwini: ukalakwa pamenepo, zaka zonse udzalima mosakondwa.

Amene funso lao litsamira pa makina akulu ali ndi mabvuto aoao. Makinawo sayaka tsiku lonse ngati cigayo. Plasma ikhala sekondi imodzi kapena ziwiri, izima, ndipo anthu adikira mphindi 15 kapena 20 kuti mawaya a maginito azizire asanayesenso. Tsiku lonse ayesa maulendo makumi awiri kapena atatu okha, ndipo ofuna kuyesa ngambiri, ena ocokera kutsidya kwa nyanja. Wophunzira alemba pempho lace, alifotokoza pamaso pa akatswiri, ndipo akacita mwai apatsidwa tsiku limodzi kapena theka lace. Taganizani, awerengi: buku la zaka zinai lingathe kutsamira pa moto umene unayaka masekondi osakwana 60 onse pamodzi. Tsikulo cipangizo cace coyezera cikakana, adikira nyengo ina.

Ndipo kuyezako nkwa nzeru zace pakokha, pakuti palibe cipangizo cimene munthu angabviike m'moto wa madigiri 100 miliyoni. Aomba kuwala kwa laser kupyola m'plasma ndi kuona m'mene kwabalalikira, ndipo pamenepo adziwa kutentha kwace. Ena achera khutu ku mafunde ocokera m'plasmamo. Alipo ophunzira ena amene salowa konse m'nyumba ya makina, koma atha zaka zao pa kompyuta zazikulu, kutsata ndi masamu m'mene tizigawo mamiliyoni timakankhanirana.

Pasakhale woganiza kuti ophunzirawa ndi onyamula zikwama za aphunzitsi cabe. Tokamak, imene ndiyo makina ofala koposa a nchitoyi, mwacibadwa cace igwira nchito modukizadukiza. Ndipo mu 1978 Nathaniel Fisch, pomaliza udokotala wace pa Massachusetts Institute of Technology, anasonyeza ndi masamu kuti mafunde a wailesi angathe kuyendetsa magetsi m'plasma kosalekeza. Pambuyo pace iyeyo anatsogolera maphunziro a pa Princeton zaka zambiri. Dr. Robert Goldston, amene anatsiriza pa sukuluyi mu 1977, anakhala mkulu wa malo onsewo kuyambira 1997 kufikira 2009, Dr. Steven Cowley, wotsiriza mu 1985, analandira udindo womwewo mu 2018.

KUOPA KULENGEZA MSANGA

Cina cimene wophunzira aphunzitsidwa, ngakhale sicilembedwa pa ndandanda ya makalasi, ndico kuopa kulengeza msanga. Mu January 1958 akatswiri a ku Harwell ku Britain anauza olemba nyuzi kuti makina ao ochedwa ZETA aoneka kuti apambana. Patapita miyezi yocepa anabweza mau ao. Mu 1968 a ku Russia, motsogozedwa ndi Lev Artsimovich, ananena kuti tokamak yao yafika madigiri 10 miliyoni, ndipo a ku America ndi Britain anakaika. Caka cotsatira kagulu ka akatswiri a ku Culham kananyamula laser yao kupita nayo ku Moscow, maiko awiriwo akali pa udani, ndipo kanapeza kuti a ku Russia ananena zoona. A ku Princeton anadzicepetsa: anaphwasula stellarator yao yaikulu, Model C, naisandutsa tokamak mu 1970.

Ncifukwa cace wophunzira wa pa sukuluyi akamva mbiri yokondweretsa ayamba wafunsa za masamu ace. Pa 5 December 2022 makina a National Ignition Facility ku California, amene satsata njira ya maginito koma aomba kambewu ka deuterium ndi tritium ndi ma laser 192, anatulutsa mamegajoule 3.15 pamene kambewuko kanalandira 2.05. Kanali koyamba kuti moto ubweze zoposa zimene unalandira, ndipo kukondwa kunali koyenera. Koma kuti ma laser aja aombe anadya magetsi a mamegajoule pafupifupi 300. Wamalonda wogula katundu wa 300 ndi kugulitsa wa 3 sanganene kuti wapindula.

PAMENE MAKINA AFA

Tsopano tifike pa bala leni leni la moyo umenewu. Makina a fusion ngocepa pa dziko lonse, ndipo ngodula kotero kuti mwini wace kawirikawiri ndi Boma. Wophunzira amangirira zaka zace pa cinthu cimene alibe naco mphamvu. Makina akulu a ku Princeton, TFTR, anayaka mu 1982. Mu 1994 anatulutsa mamegawati 10.7 a mphamvu ya fusion, ndipo mu 1995 anafika madigiri 510 miliyoni. Anatsekedwa mu April 1997 ndalama zitacepa, patangopita masiku ocepa Dr. Spitzer atamwalira. Mu 2008 Boma linaimitsa stellarator yatsopano, NCSX, iri pakati pomangidwa, popeza mtengo unakwera kupitirira pangano.

Koma caka cowawa koposa cinali 2016. Makina a NSTX-U, atakonzedwanso ndi madola 94 miliyoni, anagwira nchito masabata 10 okha. Mkombero umodzi wa mawaya a maginito unaonongeka, ndipo mkulu wa malowo, Dr. Stewart Prager, anatula udindo. Pofufuza anapeza zolakwika zina, ndipo pofika 2024 makinawo anali asanayakenso. Kwa Boma zaka zisanu ndi zitatu ndi mizere yocepa m'buku la ndalama. Kwa wophunzira ndi nthawi yoposa sukulu yace yonse. Amene anabwera ndi ciyembekezo ca makinawo anayenera kusintha funso, kapena kufukula zoyeza zakale, kapena kukapempha malo pa makina a eni ace ku San Diego ndi kwina.

Caka comweco anzao a ku Massachusetts Institute of Technology anataya makina ao, Alcator C-Mod, amene analera ophunzira zaka zoposa 20. Boma linafuna kuwatseka kuyambira 2012, pofuna ndalama zolipirira gawo lace la makina a maiko ambiri a ITER. Ophunzira anadandaula kwa aphungu a nyumba ya malamulo, ndipo makinawo anapatsidwa zaka zina zocepa. Tsiku lao lomaliza, mu September 2016, anapanikiza plasma kuposa m'mene makina ena onse a maginito anacitirapo, ndipo atatero anazimitsidwa. Dziko lonse la America linatsala ndi tokamak yaikulu imodzi yoyaka, DIII-D ya ku San Diego.

KUBWERA KWA MAKAMPANI

Codabwitsa ncakuti m'phulusa limeneli munali khala. Pa sukulu yomweyo Profesa Dennis Whyte anali ndi kalasi imene ophunzira anapatsidwa nchito yolinganiza makina pa pepala. Anawapempha kuti aone cimene cingatheke ndi mtundu watsopano wa waya wonyamula magetsi osataya mphamvu, umene ulola maginito amphamvu kopambana. Ndipo masamu ao anasonyeza kuti ndi maginito otere makina ang'ono angathe kucita nchito ya makina akulu. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2015 ndi dzina lakuti ARC. Mu 2018 ena mwa ophunzirawo ndi anzao anayambitsa kampani, Commonwealth Fusion Systems. Mu 2021 anaonetsa maginito a matesla 20, analandira madola 1.8 biliyoni kwa eni cuma, nayamba kumanga makina ochedwa SPARC ku Devens. Nchito ya m'kalasi inabala fakitale.

Makampani otere tsopano ngambiri ku America ndi ku Europe, ndipo kwa wophunzira nkhani imeneyi njabwino. Kale wotsiriza udokotala ankayendayenda ndi nchito za zaka ziwiri ziwiri, ndipo ena anatopa nalowa m'mabanki ndi m'makampani a kompyuta. Lero alipo omlimbirana asanatsirize kulemba buku lace. Komabe pali zotidetsa nkhawa. Kampani siipereka digiri, ndipo ikatenga anzeru onse, adzaimirira pa bolodi ndani zaka 20 zikudzazi? Nzeru zimene makampaniwa akugwiritsa nchito zinalimidwa ndi ndalama za msonkho kwa zaka zoposa 70, m'makalasi ndi m'makina a Boma, ndipo munda umenewo ukasiyidwa sudzilima wokha. Cinanso ncakuti kampani iri ndi eni ndalama ofuna phindu, ndipo siingaulule zonse zimene yapeza. Mpikisano wa malonda ukakamiza kulonjeza zaka ndi masiku, mcitidwe umene unacititsa manyazi a ku Harwell. Cinsinsi cimene maboma anacisiya ku Geneva mu 1958 cingathe kubweranso, tsopano m'dzina la malonda.

Nanga ITER, imene inadyetsa makina a ku Massachusetts? Ikumangidwa ku Cadarache, kummwera kwa France, ndi China, India, Japan, South Korea, Russia, America ndi maiko a European Union, potsata pangano la 2006. Mu 2024 akulu ace analengeza ndondomeko yatsopano: kuyesa kudzayamba mu 2034, ndipo moto wa deuterium ndi tritium mu 2039. Wophunzira wa zaka 23 amene analowa sukulu mu 2025 adzakhala ndi zaka 37 pamenepo, ana ace ali pa sukulu. Akale anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo sitidabwa kuona ophunzira ambiri akutembenukira ku makina ang'ono amene munthu angathe kuwamanga, kuwaphwasula ndi kuwamanganso asanatsirize maphunziro.

Makina a Dr. Spitzer aja, amene anakanidwa mu 1970, abwereranso mwa njira yomweyo. Kompyuta za lero zikhoza kuwerenga mapindikidwe a maginito amene iye sakadatha kuwawerenga ndi pensulo, ndipo ku Greifswald ku Germany stellarator yaikulu, Wendelstein 7-X, inayaka mu 2015. Ku Princeton, mu 2024, anaonetsa kastellarator kokhala pa tebulo, kochedwa MUSE, kamene wophunzira wa udokotala anali m'gulu lokamanga. Sanagwiritse nchito mawaya opindika odula aja amene anagwetsa NCSX, koma timaginito ting'onoting'ono togula kwa amalonda, tonga tija tomamatira pa citseko ca firiji koma tamphamvu kopambana, toikidwa m'cigoba cosindikiza ndi makina. Inali stellarator yoyamba kumangidwa pa malowo m'zaka 50.